Mphindi Zingati Kukafika Pachitunda

Mapu tinawayala patebulo lodyera,
m'makona tinapsinja ndi botolo la mchere,
makapu awiri ndi makiyi a galimoto.
Kunja dzuwa likuwotcha misewu ya Temuco,
Januwale wapita theka, ife osasankhabe.

Heriberto, mwamuna wanga, amasankha ndi thumba.
Chala chikutsata msewu, pakamwa akuwerenga malita a petulo:
"Ku Niebla n'kutali. Komanso eni nyumba kumeneko
akangomva kuti Febuluwale, lendi imamera mapiko."

Maite, wa zaka khumi ndi zisanu, nyanja alibe nayo ntchito.
Akufuna netiweki, ndi poyenda madzulo
patali nafe, ngati sitinam'bereke.
Baltazar akufuna nkhanu. Basi.
Yamoyo, m'kandowa kake kofiira,
aitche dzina, aibweze tsiku lobwerera.

Ine zanga ndinalemba kuseri kwa lisiti la magetsi:
sitolo ya mankhwala yosatseka masana,
firiji yosungiramo jakisoni wa shuga wa Bambo,
masitepe asapitirire atatu.
Mawu oti kupuma ndinaiwala kulemba.

Bambo anali pampando wawo pafupi ndi khomo,
akusenda pichesi pang'onopang'ono.
Iwo sapita kunyanja. Tonse timadziwa.
Chaka ndi chaka tinkawasiya kwa azakhali,
koma azakhali tinawaika m'manda mu Ogasiti.

Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mu 1960,
nthaka itagwedezeka, nyanja n'kubwerera m'mbuyo
ngati nkhosa yamphongo yofuna kugunda.
Anathamangira kuchitunda, nsapato imodzi kuphazi.
Nkhaniyo amaithera pamenepo.
Za mlongo wawo Ernestina tinamva kwa ena.

Tinakangana mpaka tiyi anazizira.
Uku mchenga ndi wakuda, uku mphepo imaulutsa maambulera,
uku anthu amapanikizana ngati machesi m'bokosi.
Maite anamenyetsa chitseko, n'kubweranso kudzatenga chaja.
Ndinayamba kupinda mapu.

"Taima."
Bambo anadzuka, mpeni udakali m'manja,
anawerama, nsonga ikufunafuna m'mphepete mwa buluu,
dontho la pichesi linagwera pa dzina: Mehuín.
"Apa."

Ngakhale Baltazar anasiya kutafuna.

"Bambo, si kwanu kumeneko?"
"Imba foni. Ufunse chimodzi chokha:
kuchoka pakhomo kukafika pamwamba pa chitunda,
nkhalamba ingayende mphindi zingati?"

Eni nyumba, mayi Clorinda, sanadabwe,
ngati ndawafunsa mtengo wa mazira.
"Zisanu ndi ziwiri. Mwana ali kumanja, khumi.
Njirayo timailambula chaka chilichonse."
Kumbuyo kwawo ndinkamva mbalame za kunyanja zikulimbirana,
ndi munthu akukhoma china chake pabwato.
Za firiji ndinakumbuka nditadula kale,
ndinaimbanso, manyazi ali tho. Ilipo.
Masitepe ndi anayi. Ndinati palibe kanthu.
Netiweki? Anaseka.
"M'nyumba imavuta. Imagwira bwino pachitunda pomwepo."

Maite anayang'ana agogo ake,
agogo ake anayang'ana Maite.
"Tizikwera limodzi," anatero, "iwe uziwerenga mphindi."

Heriberto anawerengetsanso petulo kawiri, anakwana.
Baltazar anagona atakumbatira kandowa.

Usiku ndikutsuka makapu, Bambo anaima pakhomo la khitchini
nthawi yaitali, ngati aiwala chimene abwerera.
"Mawa ukamachoka kuntchito undigulire nsapato.
Za zingwe. Zomanga zolimba."
Ndinati chabwino, osatembenuka,
madzi ndinawasiya akutuluka pampopi.

Mapu ali m'galimoto tsopano.
Dontho lija linauma, linasiya banga lachikasu,
laphimba tawuni yonse ndi kachigawo ka nyanja.